MSCE, kubwereza, IGCSE kapena zaluso: mwana alembe mayeso ati?

Zotsatira za MSCE, mayeso omaliza a folomu 4, zikangotuluka, foni yanga sigona. Ndinaphunzitsako kusekondale kuno ku Mzuzu, ndiye abale ndi anansi amayesa kuti za mayeso ndimazidziwa zonse. Mafunso ake sasintha. Mwana wapeza mapointi 34, kodi abwereze? Akuti za Cambridge n'zapamwamba, timusamutsire kumeneko? Nanga zaluso zija si za olephera? Ndati ndiyankhe kamodzi, polembera makolo omwe ana awo akulowa folomu 3, komanso omwe ana awo analemba kale koma sizinayende.

Njira zake ndi zinayi: MSCE pasukulu yamasiku onse, MSCE kudzera ku open kapena ngati external, IGCSE ya Cambridge, ndi mayeso a zaluso.

Zoyamba kuziganizira

Musanafunse kuti mayeso abwino ndi ati, funsani kuti mwana akufuna akalowe pati akamaliza. Satifiketi ili ngati kiyi, ndipo kiyi wokongola wa nyumba ya eni sakuthandizani mvula ikamagwa. Wofuna unamwino ku Ekwendeni kapena ku St John's, wofuna uphunzitsi ku Karonga, wofuna digiri ku Mzuzu University (Mzuni) ndi wofuna kukaphunzira kunja, onsewa safunika pepala limodzi.

Mukadziwa kolowera, njira iliyonse muiyeze pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, osati wa mayeso okha koma wa ulendo wonse mpaka tsiku la pepala lomaliza, komanso ngati mtengowo umatsatira kwacha kapena ndalama yakunja. Chachiwiri ndi kupezeka kwake kuno ku Mzuzu. Chachitatu ndi zimene njirayo imadya tsiku ndi tsiku: mabuku, labu, aphunzitsi, nthawi ya mwana. Chachinayi ndi pomwe zinthu zimakonda kuthyokera. Zolembedwa pa zikwangwani za masukulu sindizitchula, pakuti palibe sukulu imene inalembapo pachipata chiwerengero cha ana ake olephera.

Njira yoyamba: MSCE pasukulu yamasiku onse

Mayesowa amakonza ndi kuchonga ndi a MANEB, bungwe lomwe likulu lake lili ku Zomba ndipo linakhazikitsidwa mu 1987. Magiredi amayambira 1 kulekeza 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass chabe, 9 ndiye kulephera. Mapointi amene timafunsana pamsika aja amachokera pophatikiza magiredi a maphunziro 6 omwe mwana wachita bwino, Chingerezi chili momwemo. N'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo pamwamba penipeni.

Apa pali kusiyana kumene makolo ambiri sakudziwa mpaka kutawagwera. Kuti mwana alandire satifiketi, akhoze maphunziro 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndi credit ngakhale imodzi yokha, kapena maphunziro 5 kuphatikizapo Chingerezi, ndi ma credit 3. Koma kuti afunsire malo kuyunivesite ya boma kudzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, pamafunika ma credit 6, ndipo imodzi ikhale ya Chingerezi. Kukhoza MSCE ndi kuyenera yunivesite ndi nkhani ziwiri.

Mwana wa mlongo wanga wa ku Chiputula anandipeza madzulo ena atanyamula kapepala ka zotsatira, atakapinda kanayi. "Amalume, ndapeza 24, koma akuti sindingafunsire malo." Nditakatambasula ndinaona 3, 3, 3, 4, 4, kenako Chingerezi 7. Mnzake wa mapointi 30, yemwe anali ndi 5 m'maphunziro onse, anali ndi ufulu wofunsira. Iye ayi. Anakhala pampando osagwira tiyi mpaka anazizira.

*Mtengo.* Mwa njira zonse zopita kuyunivesite, iyi ndiyo yotsika, makamaka pasukulu ya boma yoyendera. Zonse zimawerengedwa mu kwacha. Chimene chimakweza mtengo ndi kugonera komweko kapena sukulu ya pulayiveti, kuwonjezera apo part-time, mapepala a mayeso akale, ndi ndalama ya mock.

*Kupezeka.* Paliponse. Pali Mzuzu Government, Katoto, Luwinga, Marymount ya atsikana, ma CDSS monga a ku Chibavi ndi ku Masasa, ndi masukulu a pulayiveti omwe amamera chaka chilichonse ngati bowa wa dzinja. Vuto n'lakuti kusukulu ya boma simusankha nokha, zimatengera komwe mwana anasankhidwira atalemba sitandade 8. Ngati mukupita kupulayiveti, funsani zinthu ziwiri musanapereke tambala: kodi sukuluyo ndi yolembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro, ndipo ana ake amakalembera pati mayeso a MANEB?

*Zofunika tsiku ndi tsiku.* Biology, Physics, Chemistry ndi Agriculture zili ndi pepala la practical. Mwana amene wakhala zaka ziwiri akungojambula burette (chipangizo choyezera madzi mu labu) m'kope, osaigwirapo, amakanjenjemera nayo tsiku la mayeso. Mukapita kukaona sukulu, pemphani akutsegulireni labu, muone ngati mabotolo ali ndi kanthu kapena ndi fumbi lokha. Chinanso ndi Chingerezi. Ana athu amakula ndi Chitumbuka kunyumba, Chichewa kumsika, Chingerezi m'kalasi mokha, pomwe mapepala onse kupatula a zilankhulo zina amafunsidwa m'Chingerezi. Kuwerenga buku lililonse, ngakhale nyuzipepala yakale, ndi kulemba chimangirizo chimodzi pa sabata choti wina achichonge, kumaposa part-time ya masamu yachitatu. Musaiwalenso kuti mayeso amagwa m'nyengo yozizira. Amene anadzukapo 4 koloko m'mawa wa Julaye ku Mzuzu, nkhungu ili mbuu, magetsi atazima, akudziwa kuti juzi ndi nyali ya sola ndi zipangizo zophunzirira.

*Ziopsezo.* Chachikulu n'chakuti zonse zimatsamira pa milungu yochepa. Mayeso a pa teremu ndi mock amathandiza kuona pomwe mwana ali, koma pa maphunziro ambiri salowa m'giredi ya MANEB. Mwana atha kukhala nambala wani zaka zinayi, malungo n'kumugwira sabata ya Chingerezi, basi. Zaka zaposachedwazi okhoza amangopitirira theka pang'ono la olemba onse.

Chiopsezo china ndi likasa. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE anaimitsidwa ali m'kati chifukwa mapepala anabedwa n'kufalikira pa mafoni, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa, analembanso mu Januwale 2021. Mpaka lero nyengo ya mayeso ikafika pamatuluka anthu pa WhatsApp ogulitsa mapepala omwe amati ndi enieni. Ambiri ndi akuba chabe. Mwana akawakhulupirira amasiya kuwerenga, ndipo akagwidwa ndi zolemba m'chipinda cha mayeso zotsatira zake zimafafanizidwa, mwinanso n'kukagona kupolisi. Kachiopsezo kakang'ono koma kopweteka ndi kalembera: dzina lolakwika chilembo chimodzi, kapena phunziro lomwe sanalembetsedwe. Nthawi yotsimikizira mayina ikafika, kholo lione ndi maso ake.

Njira yachiwiri: open kapena external

Mayeso ndi omwewo, satifiketi ndi yomweyo. Chosiyana ndi mmene mwana amafikira kumayesoko. Masukulu ambiri a boma amakhala ndi open masana, ana a m'mawa akaweruka. Ena amangolembetsa ngati external n'kumawerenga paokha kapena pa part-time. Muno ndi momwe mumapezeka obwereza, atsikana omwe anasiyira panjira chifukwa cha mimba, ndi akuluakulu ogwira ntchito omwe akufuna pepala kuti akwezedwe.

*Mtengo.* Fizi ya open ndi yotsikirapo kuyerekeza ndi pulayiveti yabwino, koma ya mayeso muyembekezere kulipira nokha. Mtengo wobisika ndi chaka chathunthu cha moyo wa mwana, ndi ndalama ya Sacramento (njinga za kabaza) tsiku ndi tsiku ngati mumakhala kutali monga ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo.

*Kupezeka.* N'kosavuta, ndipo sipafunika kusankhidwa. Chovuta ndi masiku olembetsa, omwe amatsekedwa miyezi yambiri mayeso asanafike. Wa external alibe mphunzitsi womukumbutsa.

*Zofunika tsiku ndi tsiku.* Maola ophunzira ndi ochepa, makalasi amadzaza, ndipo mphunzitsi amafika atatopa kale ndi ana a m'mawa. Ndikunena izi chifukwa ndinali mmodzi wa iwo. Pofika 3 koloko masana mawu amakhala atasasa, ndipo makope 90 sungawachonge bwinobwino. Choncho njirayi imakomera mwana wodziyendetsa yekha. M'mawa onse amakhala omasuka, ndipo m'mawa womasuka ungathere ku laibulale kapena pa bawo.

*Ziopsezo.* Kubwereza osadziwa chimene chinavuta. Ndaona ana akubwereza katatu, mapointi akungovina pakati pa 36 ndi 40, chifukwa amabwereza zonse mofanana m'malo molimbana ndi phunziro lomwe linawagwetsa. Musanalembetse, tengani kapepala ka zotsatira, muike pambali pa zimene koleji yomwe mukufuna imapempha, muone pomwe pali mpata. Funsaninso ngati kolejiyo imalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri, chifukwa ena amalola, ena amafuna za ulendo umodzi. Ndipo chilengezo cha NCHE chimatchula zaka za MSCE zomwe zikuloledwa chaka chimenecho, ndiye kuzengereza zaka zambiri kumatsekanso njira. Ngati giredi ikukayikitsa kwambiri, pali mwayi wopempha kuti pepala lichongedwenso polipira, kudzera kusukulu, koma musamangepo nyumba pa chiyembekezo chimenecho.

Mwana wa mlongo wanga uja anatsata njirayi. Chaka chonse ankandibweretsera chimangirizo Loweruka lililonse, ine n'kuchifiiritsa ndi cholembera. Anatuluka ndi 5 m'Chingerezi.

Njira yachitatu: IGCSE ya Cambridge

Awa ndi mayeso ochokera ku England, olembedwa m'maiko ambiri. Maphunziro ake amatenga zaka ziwiri, ndipo amalembedwa kawiri pachaka: Meyi ndi Juni, zotsatira n'kutuluka mu Ogasiti, kenako Okutobala ndi Novembala, zotsatira mu Januwale. Magiredi amayambira A* kutsika mpaka G. Maphunziro ena amagwiritsa ntchito manambala 9 mpaka 1, ndipo kumeneko 9 ndiye wapamwamba, mosemphana ndi MSCE. Agogo akamva kuti mdzukulu wapeza 9 asafulumire kulira.

Ubwino wake weniweni ulipo. Mafunso amafuna kuti mwana afotokoze ndi kugwiritsa ntchito zimene waphunzira, osati kungolakatula notsi. Mapepala akale ndi malangizo a kachongedwe amapezeka mosavuta, ndiye mwana amadziwa chimene wochonga akufuna. Akagwa phunziro limodzi, atha kulilembanso patatha miyezi yochepa, osadikira chaka. Koma walira mvula walira matope.

*Mtengo.* Wokwera kwambiri, ndipo chowawa sikukwera kokha koma kusakhazikika. Mayeso amalipiridwa pa phunziro lililonse ndipo mtengo wake umatsatira ndalama yakunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Banja lomwe linawerengera bwinobwino mwana akuyamba linapezeka likuperewera mwana ali pakati. Mabuku ambiri ndi ochokera kunja, ndipo kuchedwa kulembetsa kuli ndi chindapusa chake.

*Kupezeka.* N'kochepa. Kuno kuli Mzuzu International Academy. Kupitirira apo mukuyang'ana ku Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, yomwe inatsegulidwa mu 1981, kapena masukulu a ku Lilongwe ndi Blantyre, zomwe zikutanthauza kugonera ndi maulendo a pa M1 teremu iliyonse. Sukulu iliyonse ikakuuzani kuti imaphunzitsa za Cambridge, funsani ngati ndi malo ovomerezeka olemberapo mayesowo kapena imangophunzitsa silabasi n'kutumiza ana kwina.

*Zofunika tsiku ndi tsiku.* Intaneti yodalirika, mabuku a silabasi ya chaka chomwe mwana adzalembe, ndi aphunzitsi oidziwa. Mphunzitsi wa part-time wa MSCE, ngakhale katswiri, sangangolumphira pa IGCSE, ndipo odziwa ndi ochepa mumzinda muno. Kholo liyeneranso kudziwa mawu awiri: Core ndi Extended. Pa maphunziro monga masamu ndi sayansi, mwana wolembetsedwa Core sangapeze giredi yoposa C, ngakhale atakhoza funso lililonse. Sukulu zina zimakonda kuika ana ofooka ku Core kuti chiwerengero cha okhoza chioneke bwino. Nthawi zina ndi chisankho choyenera, koma chisachitike inu osadziwa.

*Ziopsezo.* Choyamba ndi kuganiza kuti IGCSE yokha ndi tikiti ya kunja. Mulingo wake ndi wofanana ndi MSCE. Mayunivesite ambiri a ku UK amafuna A Level, mayeso apamwamba otsatira IGCSE, zomwe ndi zaka zina ziwiri za fizi yokwera koposa. Ngati mwana adzathera kuyunivesite ya boma monga Mzuni, LUANAR, MUST, MUBAS, KUHeS kapena UNIMA, magiredi ake adzasinthidwa kuti afanane ndi a MSCE ndipo adzapikisana pa mzere umodzi ndi mwana wa ku CDSS. Adzafunikabe maphunziro 6 pa mulingo wa credit, womwe ndi C kupita m'mwamba, ndiye kuchepetsa maphunziro pofuna kupulumutsa ndalama kungamutsekere pakhomo pomwe.

Chachiwiri, chimene ndachiona chikuwononga ana anzeru, ndi kusintha njira pakati. Ndalama zikatha mwana ali chaka chomaliza, amamugwetsera mu folomu 4 ya MSCE. Kumeneko akupeza mabuku a literature omwe anzake anayamba mu folomu 3, Agriculture yomwe sanaionepo, ndi kafunsidwe kachilendo. Miyezi isanu ndi inayi sikwana. Ngati simukuona bwinobwino komwe fizi ya zaka zonse idzachokere, ngakhale kwacha itagwanso, musayambe.

Njira yachinayi: mayeso a zaluso

Kuno muyezo ndi wina. Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro omwe mwana amayesedwa pa zimene manja ake angachite: khoma liime chilili, waya alumikizidwe mosaopsa, injini ilire. Amayesedwa pang'onopang'ono, gawo ndi gawo, kusukulu ndi kuntchito komwe watumizidwa kukaphunzira, ndipo amakwera mulingo ndi mulingo. Kwa mwana amene mutu umaima akaona chipinda cha mayeso koma manja ali ndi nzeru, uku ndi kupuma.

*Mtengo.* Wosankhidwa kudzera ku TEVETA amalipira zochepa, wodzilipirira yekha amalipira zambiri. Onjezani ovolosi, nsapato zolimba ndi zida zoyambira.

*Kupezeka.* Mzuzu Technical College ili mumzinda momwemuno, ina ili ku Livingstonia, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a zaluso a m'madera. Malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ofuna. Dziwaninso kuti maphunziro ambiri m'makoleji akuluakulu amafuna MSCE polowa, ndiye iyi si njira yothawira folomu 4.

*Zofunika tsiku ndi tsiku.* Malo ophunzirira ntchito. Mumzinda wa mafakitale ochepa ngati uno, kupeza galaja kapena kontilakita woti amulandire mwana n'kumamuphunzitsadi, osati kumangomutuma madzi, ndi ntchito payokha.

*Ziopsezo.* Makoleji osalembetsedwa omwe amapereka mapepala osadziwika kulikonse. Funsani ku TEVETA musanalipire. Chinanso ndi manyazi a pabanja, omwe ine sindiwamvetsa. Amene amanyoza zaluso ndi omwewo amadikira wa mapaipi masiku atatu madzi akutayikira m'nyumba.

Tsono ndani atsate iti?

Ngati mwana akulowa folomu 3, cholinga ndi yunivesite kapena koleji ya m'dziko muno, ndipo ndalama ndi za malipiro a pamwezi, khalani pa MSCE. Ndalama yomwe mukanaponya ku Cambridge igwireni pa labu yabwino, mabuku, ndi munthu womuchongera Chingerezi. Boma linalengeza mu 2020 kuti lathetsa quota, dongosolo losankha ana potengera maboma omwe amachokera, nkhani yomwe kuno kumpoto inkatiwawa zaka zambiri, koma malo m'mayunivesite akadali ochepa, ndiye ma credit 6 amangokulowetsani pamzere. Mapulogalamu ofunidwa kwambiri amayang'ana magiredi a maphunziro enieni okhudza pulogalamuyo.

Ngati analemba kale ndipo chamugwetsa ndi phunziro limodzi kapena awiri, makamaka Chingerezi kapena masamu, abwereze kudzera ku open kapena external, koma mutatsimikiza kuti komwe akufuna kupita amalola maulendo awiri. Ngati anagwa pafupifupi paliponse ndipo si wodziyendetsa, open imuwonjezera ulesi. Ameneyo afunika kalasi yamasiku onse, mwinanso kuyambira folomu 3.

Ngati wabwereza kawiri mapointi osasuntha, koma satifiketi ali nayo ndipo wailesi ikafa kunyumba amaitsegula ndi iye, mupite naye ku Mzuzu Technical mukafunse za malo, m'malo molipira ulendo wachitatu.

IGCSE ikuyenera banja lomwe lili ndi ndalama yodalirika ya zaka zinayi, kuwerengera ndi A Level yomwe, kapena lomwe ntchito ingalisamutsire kunja mwana ali pakati pa sukulu. Ikuyeneranso mwana amene wakhala m'dongosolo limenelo kuyambira pulayimale, yemwe kumubweza ku MSCE kungakhale kumuzula ndi mizu. Koma ngati ali kale mu folomu 3 ya MSCE ndipo akuchita bwino, musiyeni amalize komwe ali.

Kwa mayi kapena bambo wapantchito amene akufuna pepala kuti akwezedwe, external ndiyo njira. Lembetsani maphunziro okhawo omwe abwana kapena koleji ikufuna, funsani msanga tsiku lotsekera kalembera pasukulu yomwe mudzalemberepo, ndipo pemphani tchuthi cha masiku a mayeso mwezi wa Meyi usanathe.